Njinga Ikavuta pa Zitunda za Thyolo ndi Mulanje

Mvula ikangokata mu Epulo, anthu amatulutsa njinga kukayenda maulendo ataliatali m'misewu ya m'minda ya tiyi. Ena amanyamuka ku Bvumbwe, kudutsa pa Thyolo boma, kutsikira ku Luchenza n'kukagona pa Chitakale. Ena amazungulira phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, Phalombe ndi Nkhulambe mpaka kukatulukira ku Muloza. Olimba mtima amalowera ku Makwasa ndi Thekerani kukasuzumira chigwa cha Shire. Akabwerako madandaulo amakhala omwewo chaka ndi chaka: mabuleki anakana pa mtsetse, tayala linaphwa katatu tsiku limodzi, tcheni chinagwa pakati pa chikweza.

Misewu imeneyi ndaiyenda zaka zambiri, poyamba pa njinga yakuda ya bambo anga ya mabuleki a ndodo, pano pa yamagiya ya pa kaunjika. Chimene ndaona n'chakuti ambirife timaopa chikweza chifukwa chimatulutsa thukuta, pamene njinga imaonongeka kwambiri potsika, makamaka ikasenza katundu kumbuyo komanso ikamata katondo. N'chifukwa chake ndayamba ndi mabuleki ndipo ndakhalitsa pamenepo. Pa vuto lililonse ndaika poyamba chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri.

## Mabuleki akufooka kapena akukana pa mtsetse

Mtsetse wa kuno suli ngati wa kumadambo woti mwatsika pang'ono mwafika. Umapitirira, umakhota, ndipo nthawi zambiri umakathera pa mlatho wopanikiza. Yesani mabuleki onse awiri muli pamwamba pa chitunda, njinga itaima. Finyani chogwirira chimodzichimodzi mukukankha njinga kutsogolo. Wilo likazungulirabe, musayambe kutsika.

1. Mphira za buleki zatha. Katondo wonyowa amadya mphira ngati sandipepa. Mphira zoti kwina mukanayendera miyezi, kuno zimatha pa ulendo umodzi wa mvula.
- Onani ngati timizere ta pa mphira tikuonekabe. Ngati tafafanizika, kapena mukumva chitsulo chikukhukhuza limu, sinthani pompo.
- Nyamulani mphira zapadera zosachepera zinayi. Sizilemera.

2. Waya kapena ndodo zakhwepa. Chizindikiro chake n'chakuti chogwirira chimafika pogunda handulo buleki isanagwire.
- Pa buleki ya waya, tulutsani kanati kosinthira kamene kali pa chogwirira pozunguza kangapo. Zikakanika, masulani nati yogwira waya kumunsi, kokani waya pang'ono, mangani zolimba.
- Pa ya ndodo, masulani kanati kogwira ndodo, kwezani mphira zifike pafupi ndi limu, mangani.
- Waya amene wayamba kunyotsoka, tiulusi take tikutuluka, wapita kale. Amaduka nthawi imene mwafinya mwamphamvu, ndiye nthawi yomweyo imene mukumufuna.

3. Limu lanyowa. Malimu achitsulo onyezimira a pa njinga zakuda sagwira akanyowa. Mumafinya koma njinga imangopita, kenako n'kudzagwira mwadzidzidzi madzi atauma. Mu chiperoni ndi mukangowoloka mtsinje, yendani mutafinya pang'ono mabuleki kwa kamtunda kuti limu liume musanafike pofunika kuima. Ngati pagwera oyilo wa tcheni, pukutani limu ndi kansanza ka sopo ndipo palani mphira pa mwala.

4. Limu latentha. Ili ndi vuto la matsitso aatali monga otsikira ku Muona. Mukagwira mabuleki osalekeza, limu limatentha mpaka kuwotcha chala, mphira zimafewa ndi kununkha, zigamba za pa chubu zimamatuka, mwinanso chubu kuphulika.
- Musagwire mabuleki mokoka nthawi yonse. Finyani mwamphamvu liwiro lichepe, tayani pang'ono, finyaninso. Gwiritsani onse awiri, osati akumbuyo okha.
- Imani pamalo oonekera, yandikizani dzanja pa limu. Ngati likutulutsa moto, dikirani lizizire. Idyani nthochi, palibe chothamangira.
- Njinga zimene zimaima mukapondera pedulo chambuyo zimatenthera m'kati mwa habu, chitsulo chapakati pa wilo pamene masipoko amayambira. Mukamva fungo la girizi wopserera, tsikani. Dziwaninso kuti pa njinga yotere tcheni chikagwa ndiye kuti buleki yakumbuyo yapita nacho.

5. Mphira zinamangidwa chotembenuza. Izi sizichitika kawirikawiri koma zinandigwera, ndipo sindifuna zigwere wina. Kachitsulo kogwira mphira pa mabuleki ambiri akale n'kotseka mbali imodzi, kotsegula mbali inayo. Tsiku lina ndikutsika mtsetse wa pakati pa Thyolo ndi Makwasa, nditamanga chikwama ndi mtolo wa chinangwa pa kaliyala, ndinafinya buleki yakutsogolo ndipo ndinangomva kuti "phwa". Mphira inathawa, chitsulo chinayamba kulira pa limu. Ndinakaima ndi yakumbuyo ndi nsapato, m'mphepete mwa ngalande ya munda wa tiyi, miyendo ikunjenjemera. Nditakankha mpaka pa mtengo wa mango pamene madala ena amakonzera njinga, anangoyang'ana kamodzi nati, "Achimwene, amene anakumangirani izi anatembenuza. Kotseka kuyang'ane kutsogolo kumene wilo likupita, kukamwa kuyang'ane kumbuyo. Mukatembenuza, limu limasolola mphira lokha." Anandimangira zina, nandiuza ndiyese pamaso pawo ndisanawalipire. Kuyambira tsiku limenelo mphira zonse ndimaziyang'ana ndekha, ngakhale wamanga ali katswiri.

Lekani, pitani kwa makaniko ngati:
- khoma la limu ladyeka mpaka kulowa m'kati ngati supuni, kapena laonetsa mng'alu;
- buleki ndi ya disiki yoyendera mafuta ndipo chogwirira chafewa kapena pakudontha. Zida zake n'zovuta kuzipeza pa misika ing'onoing'ono, kawirikawiri mpaka ku Limbe kapena Blantyre;
- mwatsala ndi buleki imodzi. Pamenepo mtsetse uliwonse utsikeni wapansi mukukankha.

## Tayala likuphwa mobwerezabwereza

Kuphwa kamodzi ndi tsoka la pa msewu. Kukabwereza tsiku lomwelo ndiye kuti chimene chinaboola chikadali momwemo. Cholakwika chimene ambiri timachita ndi kusolola chubu, kumata, kubwezera, osafunsa kuti chabooka chifukwa chiyani. Bowo lenilenilo limanena. Mukatulutsa chubu musachitembenuze. Popani pang'ono, pezani pamene pakutuluka mpweya, kenako chigonekeni pa tayala, valavu ilunjike pa bowo lake la pa limu, muone malo amene bowolo likugwera.

1. Bowo limodzi, mbali yakunja yoyang'ana msewu. Munga, kagalasi kapena kawaya kochokera ku matayala akutha a malole katsalira m'tayala. Yendetsani kansanza m'kati mwa tayala lonse, kakakola ndi pomwepo. Chala chimathandizanso koma pang'onopang'ono, galasi limacheka. Tulutsani chobayacho ndi pulayazi kapena singano.

2. Mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka. Mpweya unachepa, ndiye pogunda mwala kapena m'mphepete mwa dzenje chubu chinapanikizika pakati pa limu ndi mwalawo. Zimachitika kwambiri kumbuyo, pa misewu yamiyala ya m'tsinde mwa phiri kumene madzi anakokolola dothi. Popani tayala lilimbe moti chala chachikulu chisalowe, chepetsani liwiro pa miyala, ndipo dzukani pa chishalo podutsa dzenje. Muyezo wa mpweya umalembedwa pa khoma la tayala.

3. Chigamba chakale chikutulutsa. Kumata mothamanga. Palani chubu ndi sandipepa kapena mwala wokhakhala malo okulirapo kuposa chigamba, pakani sulushoni mopyapyala, dikirani mphindi pafupifupi zisanu mpaka asiye kunyezimira, ndiye matani ndi kusindikiza mwamphamvu. Mukamata sulushoni akadali wamadzi, chigamba chimagwira pa chigwa n'kukamatuka limu likatentha pa mtsetse. Chubu chimene zigamba zayamba kusanjikizana chasanduka malegeni, chipumitseni.

4. Valavu. Ikani malovu pakamwa pake. Akatupa thovu, vuto lili pamenepo. Valavu za njinga zakuda zili ndi kamphira kakang'ono m'kati kamene kamauma ndi kung'ambika. Kamagulitsidwa pafupifupi pa msika uliwonse ndipo kusintha kwake sikufuna kuchotsa wilo. Valavu ikakhala yopendekeka, chubu chikukokedwa chifukwa choyendera tayala lofewa, ndipo chidzang'ambika patsinde pa valavu, pamene sipamatika.

5. Bowo mbali yoyang'ana limu. Mutu wa sipoko watulukira, kapena lamba wophimba mitu ya masipoko waduka kapena wasuntha. Palani sipokoyo ndi tupa, kenako dulani lamba kuchokera ku chubu chakale muphimbe limu lonse.

6. Tayala lenilenilo lang'ambika. Chubu chimasuzumira panja ngati chotupa. Ikani m'kati chidutswa cha tayala lakale kapena cha thumba lolimba chopindidwa kangapo, popani mosapitirira, mufike pa msika. Ngati ndi lakutsogolo, musatsike nalo mtsetse.

Pogula tayala kapena chubu pali msampha umene wagwira ambiri. Musangonena kuti "ndikufuna saizi 28", chifukwa matayala awiri osiyana amatchulidwa choncho. Werengani nambala ya pa khoma yolembedwa ngati 40-635 kapena 37-622. Nambala yachiwiriyo ndi kukula kwa limu m'mamilimita: 635 ndi ya njinga zakuda zija za 28 x 1½, 622 ndi ya njinga zambiri za pa kaunjika zolembedwa 700C, 559 ndi ya saizi 26 ya njinga za m'mapiri, ndipo 630 ndi ya zakale za saizi 27. Tayala la 622 silingalowe pa limu la 635 ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse. Za 635 ndi 559 zimapezeka mosavuta pa Luchenza, Chitakale ndi Limbuli. Ngati yanu ndi ya 622 kapena 630, nyamulani machubu awiri ndi tayala lapadera kuchokera kunyumba.

## Tcheni chikugwa, chikudumpha kapena chikulira

Pa njinga yopanda magiya

1. *Tcheni chakhwepa chifukwa wilo lasunthira kutsogolo.* Mukaponda mwamphamvu pa chikweza, manati a ekiselo akakhala osalimba, wilo limakokeka. Masulani manati, kokerani wilo kumbuyo mowongoka, mangani. Pakati pa tcheni pazisewera pafupifupi sentimita imodzi mmwamba ndi pansi. Chikathina kwambiri chimadya mabelingi.
2. *Mano a kutsogolo apindika.* Zunguzani pedulo mukuyang'ana kuchokera pamwamba. Ngati akupepeluka, awongoleni pang'onopang'ono ndi sipanala.
3. *Tcheni chatha.* Onani muyezo uli m'munsimu.

Pa njinga yamagiya

1. *Kusintha giya mukuponda mwamphamvu.* Zitunda za Thyolo zimabwera mwadzidzidzi mukangokhota, ndiye munthu amakumbukira giya miyendo italemera kale. Sinthani musanafike pa chikweza, ndipo pa kamphindi kosinthako chepetsani mphamvu pa pedulo.
2. *Waya wa giya watanuka kapena walowa dothi.* Tcheni chimazengereza kukwera pa mano aakulu. Tulutsani kanati kosinthira theka la kuzungulira, yesani, bwerezani mpaka phokoso lithe.
3. *Mfundo imodzi yauma.* Zunguzani pedulo chambuyo, muona pamene tcheni chikudumpha. Donthezani oyilo, pindani mfundoyo cham'mbali uku ndi uku mpaka ifewe.
4. *Chosinthira magiya chapindika.* Zimachitika njinga ikagwera kumanja kapena ikakwezedwa pa minibasi. Mukaiyang'ana kumbuyo, timawilo tiwiri ta chosinthira tizikhala mowongoka pansi pa mano. Tikapendekera ku masipoko, musagwiritse giya yofewetsetsa, chifukwa chosinthira chikakola masipoko chimathyoka ndi kuononga wilo lonse nthawi imodzi. Kuwongola kwake n'kwa makaniko.

Muyezo wa tcheni: pa tcheni chatsopano, kuchokera pa pini imodzi kufika pa pini ya nambala 24 patsogolo pake pali mainchesi 12, omwe ndi masentimita 30.5. Mukapeza kuti kwaonjezekera milimita imodzi ndi theka, gulani china. Kukaonjezekera mamilimita atatu, mano akumbuyo nawo adyeka, ndipo tcheni chatsopano pa mano akale chidzadumpha kuposa chakalecho. Sinthani zonse pamodzi.

Za mafuta ndimakangana ndi anzanga a kabaza nthawi zonse. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto ndi wotchipa, koma ali ndi tizitsulo ndipo amaitana fumbi. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ngati ulimbo. Tsukani tcheni ndi parafini, chiume, donthezani oyilo wa injini watsopano dontho limodzi pa mfundo iliyonse, kenako pukutani kunja konse ndi nsanza. Wofunika ndi amene walowa m'kati. Wotsala kunja akakumana ndi fumbi lofiira amapanga phala lopera tcheni.

Pedulo ikamangozungulira wilo osayenda, timano ta m'kati mwa fuliwilo, chitsulo cha mano cha pa wilo lakumbuyo chimene tcheni chimakoka, tamatirira ndi dothi. Gonekani njinga, thirani parafini pa mpata wa fuliwilo, zunguzani chambuyo mpaka kulira kwake kwa "tchetchetche" kubwerere, ndiye thirani oyilo wopepuka. Ikapanda kubwerera, fuliwilo yatha.

## Wilo lakumbuyo likupepeluka, masipoko akuduka

Mumamva kuti "twa!" kumbuyo, kenako limu liyamba kukhudza mphira ya buleki mbali imodzi pa kuzungulira kulikonse.

1. Katundu yense ali kumbuyo ndipo ali mmwamba. Gawani. Zolemera monga zida, madzi ndi ufa zikhale pansi m'mbali zonse ziwiri za kaliyala, zina zipite kutsogolo. Mangani ndi malegeni moti mukagwedeza katundu, njinga yonse igwedezeke naye limodzi. Nsonga za malegeni zisalendewere pafupi ndi masipoko.
2. Masipoko ndi osalimba mofanana. Afinyeni awiriawiri kuzungulira wilo lonse. Okhwepa amamveka. Amangeni ndi kasipanala ka masipoko kotala la kuzungulira pa nthawi imodzi, osapitirira.
3. Limu linagunda dzenje. Kupindika kwake kumakhala pamalo amodzi, ndipo masipoko okha sangaliwongole.
4. Makoni a habu, timanati togwira mabelingi pa ekiselo, akhwepa. Gwirani wilo mulikankhire cham'mbali. Likagogoda, makoni akufuna kumanga kapena mabelingi adyeka.

Sipoko imodzi ikaduka muli kutali, ipindireni pa inzake isakole tcheni, masulani pang'ono masipoko awiri oyandikana nayo a mbali inayo kuti limu libwerere pakati, ndipo yendani mofatsa. Kawirikawiri imaduka ya mbali ya fuliwilo, yomwe kuti muisinthe mpaka fuliwilo ichotsedwe, ndiye ndi ntchito ya pa msika. Awiri kapena atatu akaduka, tsikani. Otsalawo amasenza katundu wa anzawo n'kumaduka motsatizana. Ndipo ngati mumasintha imodzi sabata iliyonse, uzani makaniko alukenso wilo lonse ndi masipoko atsopano.

## Njinga yalemera mwadzidzidzi

1. Katondo wadzaza pakati pa tayala ndi madigadi. M'misewu yadothi ya m'maesiteti, mvula ikangowaza, dothi lofiira limamata mpaka wilo kuima. Kolokosani ndi kamtengo. Ngati ulendo wonse ndi wa m'matope, ndi bwino kuchotseratu madigadi. Potsuka pa mtsinje musamize habu ndi pakati pa mapedulo m'madzi, madzi amatulutsa girizi.
2. Tayala likuphwa pang'onopang'ono. Lifinyeni.
3. Buleki ikukhudza limu. Kwezani wilo mulizunguze. Mwina wilo lakhala mopendekera kapena sipuling'i ya buleki yagwa.
4. Mabelingi auma. Wilo limaima msanga ndipo limalira ngati muli mchenga. Akufuna kutsuka ndi girizi watsopano.

Zonsezi zikakhala bwino, mwina ndi msewu. Kuchokera ku Luchenza kubwerera ku Thyolo ndi kukwera ngakhale pamene maso akuona ngati n'pachidikha.

## Kugogoda pa pedulo iliyonse mukaponda

Pa njinga zakuda, kawirikawiri ndi kotapini, kachitsulo kogwira mkono wa pedulo pa ekiselo yapakati. Musangomanga nati yake mwamphamvu, mazinga ake amaphweka. Khomani mutu wa kotapini ndi hamala kaye, mutachirikiza kunsi ndi chitsulo, kenako mangani nati. Ikadyeka, yatsopano ndi yotsika mtengo. Kukhozanso kukhala pedulo yokhwepa, ndipo kumbukirani kuti yakumanzere imamangidwa mozungulira chobwerera, mosiyana ndi yakumanja. Ambiri aononga mazinga posadziwa zimenezi. Ngati mikono yonse iwiri ikugwedezeka limodzi cham'mbali, ndi mabelingi apakati, pitani nayo kwa makaniko.

## Handulo ikunjenjemera potsika

1. Katundu akugwedezeka kapena kutsogolo kwapepuka. Mangani bwino ndipo sunthirani zina kutsogolo.
2. Khosi la njinga lakhwepa. Gwirani buleki yakutsogolo, kankhani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda pakhosi, mangani nati yaikulu ya pamenepo mpaka kugogoda kuthe koma handulo izikhotabe momasuka.
3. Tayala lakutsogolo lafewa, kapena manati a wilo akhwepa.

Kunjenjemera kukayamba muli pa liwiro, musaumitse mikono. Panikizani bondo pa chitsulo chapamwamba cha felemu, chepetsani liwiro ndi buleki yakumbuyo pang'onopang'ono.

Apa pali chinthu chimene sindilolera: mukaona mng'alu kapena penti wokwinyika pa foloko, pakhosi kapena pa handulo, ulendo wa njingayo watha pomwepo. Ikwezeni pa galimoto. Foloko ikathyoka munthu amagwa chamutu popanda chenjezo lililonse. Felemu yachitsulo owotcherera amatha kuilumikiza, koma foloko yothyoka gulani ina, ndipo felemu ya aluminiyamu musaipereke kwa wowotcherera mageti.

## Pamene chavuta ndi thupi

Miyendo ikukokana kapena yangotha mphamvu. Choyamba ndi njala ndi ludzu. Idyani musanamve njala: nthochi, mbatata yootcha, zitumbuwa, chinanazi cha m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, thobwa. Nthawi yotentha ya Okotobala ndi Novembala nyamukani kusanache, mupume masana. Paketi ya Thanzi ORS m'botolo la lita imodzi imabwezeretsa mchere wotuluka ndi thukuta. Ikasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita ya madzi abwino. Chachiwiri ndi kuumirira giya yolimba. Chikweza chikakula, tsikani mukankhe monga amachitira onyamula nthochi ndi makala, amene amayenda misewu imeneyi tsiku ndi tsiku.

Mawondo akupweteka kutsogolo. Chishalo chatsika. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Kwezani pang'onopang'ono, osapitirira mzere wochenjeza wa pa chitsulo cha chishalo.

Manja achita dzanzi. Sinthani magwiridwe pafupipafupi. Dzanzi ndi loopsa potsika chifukwa zala zimalephera kufinya buleki.

Kuzizidwa mu chiperoni. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, nkhungu ndi mvula yowaza yochokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique imatha kukhala masiku angapo. Mumakwera chitunda muli thukuta, potsika mphepo n'kukulowani m'mafupa. Valani juzi ndi chotchinga mvula muli pamwamba, musanatsike. Mu nkhungu yotere phiri lonse, ndi Sapitwa yemwe wa mamita 3,002, limasowa, ndiye dalaivala wa lole kapena thalakitala yonyamula masamba a tiyi sangakuoneni msanga. Valani chowala, yatsani nyali yakumbuyo ngakhale masana, khalani kumanzere kwenikweni, ndipo pa ngodya imbani belu chifukwa othyola tiyi amayenda m'magulu ndi madengu kumsana. Misewu yambiri ya m'kati mwa maesiteti ndi ya eni ake. Pa geti perekani moni kwa alonda, mupemphe njira, ndipo iwo ndi amene angakuuzeni komwe kwaterera.

Siyani njinga, pitani kuchipatala ngati:
- mwagwa n'kumenyetsa mutu, ndipo mukusanza, mukuodzera, mukuona zinthu ziwiriziwiri kapena simukukumbuka mmene mwagwera;
- mukumva kupweteka pachifuwa, kubanika kosatha ngakhale mwapuma, kapena mutu wasokonezeka ndi dzuwa;
- thupi latentha, mutu ukuwawa ndipo mukunjenjemera. Musaganize kuti ndi kutopa chabe, kayezetseni malungo;
- galu wakulumani kapena kukukandani. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite tsiku lomwelo kukafunsa za katemera wa chiwewe.

Pa njira zimenezi pali zipatala za boma pa Thyolo ndi pa Mulanje, Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa ndi Holy Family ku Phalombe, kuphatikiza zipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Dziwiranitu chimene chili pafupi ndi chigawo chilichonse cha ulendo wanu.

## Zoyenera kukhala m'kathumba ka zida

Pampu yoti mwaiyesa pa valavu yanu, machubu awiri, zigamba ndi sulushoni wosatsegula, zotulutsira tayala, sipanala zolingana ndi manati a njinga yanu, pulayazi, sikuludilaiva, kasipanala ka masipoko, mphira za buleki, waya wa buleki mmodzi, mfundo yolumikizira tcheni, masipoko atatu omangirira pa felemu, kabotolo ka oyilo, nsanza ndi malegeni. Sulushoni wotsegula kale muyang'aneni musananyamuke, amauma m'kati kachubu kake kakuoneka kodzaza.

## Msewu wasowa kapena mlatho palibe

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi kusintha njira za mitsinje yambiri yochokera m'phiri, makamaka mbali ya Phalombe, Nkhulambe ndi Muloza. Njira imene foni ikuonetsa, kapena imene munayenda zaka zapitazo, mwina pano ndi miyala yokhayokha. Musanalowe msewu wa dothi, imani pa siteji ya kabaza mufunse kuti, "Achimwene, njira iyi ikudutsika lero? Pa mtsinje pali bwanji?" Iwo amakhala atadutsako mmawa womwewo.

Mitsinje monga Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imadzaza ndi mvula yogwa pamwamba pa phiri ngakhale pamene mwaima pali dzuwa. Madzi akakhala ofiira, akutenga zinyalala, kapena mukumva miyala ikugubuduka pansi, musawoloke. Akakhala oyera ndi osapitirira m'mawondo, tsitsani katundu muwolotse payekha, kenako munyamule njinga pa phewa, ikhale mbali imene madzi akupita kuti akaikoka isakugwetseni. Mukafika tsidya linalo umitsani malimu ndi kuyesa mabuleki onse awiri musanakwere.